Okana Mulungu Nawo Ali ndi Ampatuko

Mu Januwale 2013, akatswiri awiri a nthabwala ku London, Sanderson Jones ndi Pippa Evans, anayambitsa Sunday Assembly, msonkhano wa Lamulungu wa anthu osakhulupirira Mulungu. Anakumana kuti? M'nyumba yomwe kale inali tchalitchi, ku Islington. Nyimbo anaimba, wolankhula analankhula, chopereka chinayenda, potuluka tiyi ndi keke. Zonse zinalipo, kupatula Mwini nyumba.

Pasanapite nthawi, a nthambi ya ku New York anakangana. Ena anati anzawo akukana Mulungu mwaulesi, choncho anagaluka n'kuyambitsa yawo, Godless Revival. Mpingo wopanda Mulungu, koma ampatuko osasowa!

*

Mu 2012, wolemba mabuku Alain de Botton anati okana Mulungu amange kachisi wawo pakati pa London, wotalika mamita 46. Richard Dawkins, mkulu wa okana, anatsutsa kuti kumeneko n'kuwononga ndalama. Koma Dawkins yemweyo amakonda nyimbo za Khirisimasi, ndipo mu 2024 anauza wailesi ya LBC kuti iye ndi Mkhristu pachikhalidwe. Ulaliki ayi, kwaya eya.

*

Amene anaonjeza ndi Auguste Comte wa ku France. Anachotsa Mulungu, n'kukhazikitsa chipembedzo cholemekeza mtundu wa anthu. Mu 1849 anatulutsa kalendala ya miyezi 13, ina n'kuitcha Moses, Aristotle ndi Shakespeare. Nanga mkulu wa ansembe? Sanavutike n'kufunafuna, anadzisankha yekha. Omutsatira anamanga kachisi ku Rio de Janeiro.

*

Pamudzi pena pali bambo amene pabawo salekeza kunena kuti kumwambaku kuli mitambo basi. Koma pakagwa maliro, khasu loyamba kumanda ndi lake, ndipo pasiwa besi yake imamveka mpaka kudambo.

Tsiku lina mkulu wa mpingo anawakokera pambali.

"Bambo, si inu mumati Mulungu kulibe?"

"Ndine, akulu."

"Nanga mukuimbira yani?"

"Anamfedwawa. Mulungu sindinamuone, koma awa ndikuwaona akulira. Ndiponso ndikapanda kuimba lero, tsiku langa adzandiimbira ndani?"

Mkulu wa mpingo anangowapatsa buku la nyimbo n'kuti, "Loweruka kuli pulakatisi, musachedwe."

*

Awerengi, munthu atha kusiya chikhulupiriro, koma kusonkhana, kuimba, kulira ndi anzake ndi kukanganira udindo sasiya. Mukakumana ndi wokana Mulungu pasiwa, musayambe mtsutso. Musunthireni pabenchi, mwina ndiye besi yomwe kwaya yanu ikusowa.