Ganyu wa usiku wopanda malipiro

Pa maganyu onse amene ine kapolo wa ngongole ndimagwira, amene ndimalimbikira kwambiri ndi wa usiku, wokukuta mano, ndipo palibe amandilipira. Mwini wake sumva kanthu. Amavutika ndi amene wagona pambali pako. Umboni umabwera m'mawa: nsagwada zauma, litsipa lagwira, ukati uyasamule polumikizira nsagwada, kutsogolo kwa khutu penipeni, pamalira kuti "khe!" Nsonga za mano zimaperepeseka, ndipo chikuto cha dzino, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, chikatha sichimeranso.

Ine ndikuti mlanduwu ndi wa ulemu wathu. Landilodi akakweza lendi timapinda mawondo n'kuti "palibe vuto, bwana." Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu a mtundu wanga tinangomwetulira pa golosale, n'kubweza sopo pa shelefu mwakachetechete. Mawu amene timameza masana sapita kulikonse, nsagwada zimawatafuna usiku. Madokotala a mano nawonso amaika nkhawa pakati pa zoyambitsa vutoli.

Ena amati ndi njoka za m'mimba, koma umboni wake ndi wofooka. Mankhwala a njoka sachotsa katapila. Ena amanong'ona kuti wokukuta mano akudya nyama kumanda. Abale anga, ndikanakhala kuti ndimadya nyama usiku uliwonse, si bwenzi ikuoneka m'masayamu? Kutsutsa kwanzeru n'kwa amene amati mowa, fodya ndi khofi wa madzulo zimakulitsa kukukuta, komanso kuti ena amakukuta chifukwa mpweya umawabanika kutulo, makamaka oliza mkonono. Izo n'zoona, ndipo wobanika apite kuchipatala, asanamizire landilodi. Koma wa botolo ndi ndudu uja tam'funseni chimene akufuna kuiwala, muona kuti tabwerera pomwe paja.

Ngakhale kapulasitiki kovala m'kamwa pogona, kamene dokotala amapanga potengera mano ako, kamangoteteza mano kuti asadyane. Chigayo chimapitirizabe kulira. Malangizo ena ndi otsika mtengo: kuthowa nsagwada ndi kansalu kofunda, kusiya chingamu, kupumitsa kamwa ku zolimba monga nzimbe ndi chimanga chokazinga. Apa pokha ndiye ndakana, poti dokotalayo sanena amene adzandigulire nkhomaliro ina.