Bilu ya lamya, kazitape wa m'nyumba

Mu 1994 kampani ya BT ku Britain inabweretsa chitukuko pa lamya za m'nyumba: ukaimba 1471, lamya imakuuza nambala ya munthu amene wakuimbira komaliza. Aja ankaimba usiku n'kudula osayankhula anasowa pobisala. Koma kampani yomweyo inaperekanso njira yozembera: ukayamba ndi 141, nambala yako sioneka. Ndipo ngati watopa ndi anthu obisa nambala, panalinso njira yowakaniratu, koma imeneyo inali yolipira. Wogulitsa loko ndi yemwenso akugawa makiyi, ndipo mbali zonse zikumuthokoza.

Chinsinsi chenicheni chimaululika pa bilu. Bilu yolemba foni iliyonse, nambala yake, nthawi ndi mphindi zake, imathandiza kuti anthu asamadandaule kuti akuberedwa. Komatu 141 amakubisa kwa amene ukumuimbira basi. Sakubisa kwa bambo a panyumba, amene akhala pampando atavala magalasi, cholembera chili m'manja, n'kumafunsa kuti nambala ya ku Leeds iyi, mphindi 40 pakati pa usiku, ndi ya ndani. Ena anena kuti wolipira ali ndi ufulu wodziwa kumene ndalama zake zapita, ndipo akunena zoona. Palibe amakonda kulipira zimene sakuzidziwa. Koma taonani izi: mwana akaimbira Childline, bungwe lothandiza ana, pa 0800 1111, foniyo siituluka pa bilu, mwadala. Makampani a lamya akudziwa bwino kuti nthawi zina munthu amene timamuopa amakhala m'nyumba momwemo, ndipo ndi yemwe amatsegula envelopu. Bilu izionetsa ndalama zokha. Wofuna kudziwa nambala afunse mwaulemu amene anaimbayo.