Chifuwa Lolemba, Chifuwa Lachiwiri

Kumanga jimu pa boma la Nkhotakota sikufuna ngongole ya kubanki. Pamangofunika zitini ziwiri za penti, paipi yamadzi yakale, thabwa logonera, ndi theka la thumba la simenti limene linasowa modabwitsa pamene amalume ankamanga khonde. Kuchokera pamsewu wa M5 kutsikira kugombe, kuseri kwa nyumba zambiri kumamveka kubuula dzuwa likapendeka, ndipo mlendo angaganize kuti kuli matenda. Amakhala anyamata akunyamula zitsulo.

Kulemera kwa zitinizo palibe amene amakudziwa. Mwini jimu amati ndi makilo 80. Amene zinamukanika dzulo amalumbira kuti ndi 120. Atazitengera pasikelo ya venda wogula mpunga zinakwana 35, koma sikelo imeneyo tonse timaidziwa khalidwe lake.

Apa ndiye pamafika mnyamata watsopano, wowonda, malaya akumuuluka m'thupi. Amapereka moni mwaulemu kenako n'kufunsa funso limene siliyenera kufunsidwa pagulu: "Bigi, ndiyambire pati?" Nthawi yomweyo aliyense amene ali pamalopo amasanduka kochi, ngakhale uja wangobwera kudzabwereka pampu ya njinga.

Woyamba kuyankha amakhala Komando. Jimu iliyonse ili ndi Komando wake, ndipo dzinali analitola kuvidiyo sho, mufilimu ija ya Arnold Schwarzenegger ya 1985 imene ana mpaka lero amaionera atakhala pansi. Pulogalamu ya Komando ndi yosavuta kuloweza. Lolemba chifuwa. Lachiwiri chifuwa. Lachitatu mikono, kenako chifuwa pang'ono kuti chisaiwale. Lachisanu, akaweruka kumzikiti kapena kulikonse kumene anali, chifuwa.

"Nanga miyendo, bigi?"

"Aise, miyendo imadzikulira yokha. Si wabwera nayo pano wapansi?"

Mukamuyang'anitsitsa Komando mumamvetsa chifukwa chake savala kabudula ngakhale mu Okutobala, pamene dzuwa la kunyanja limawotcha mpaka mchenga supondeka. Kumtunda ndi njovu, imodzi mwa 500 zija anazisamutsira kunkhalango yathu mu 2016 ndi 2017, koma kumunsi ndi kakowa.

Asanamalize Komando, amalowerera wa foni. Ameneyu zitsulo amazigwira mwa apo ndi apo, koma bandulo yake yonse imathera pa YouTube. Iye amafuna mnyamata wa makilo 55 atsatire ndondomeko ya Ronnie Coleman, amene anapambana mpikisano wa Mr Olympia ka 8, kuyambira 1998 mpaka 2005. Chimene wa foniyo satchula n'chakuti Coleman anafika pamenepo atanyamula zitsulo zaka zambirimbiri, ankadya kangapo patsiku chakudya chimene kwathu chingakwanire ukwati, ndipo atasiya mipikisano anachitidwa maopaleshoni ambiri a msana ndi m'chiuno, moti kuyenda kumamuvuta. Mnyamata wathu m'mawa wamwa tiyi ndi chinangwa.

Pamabweranso wina ndi chikwama chakumsana, amene amayankhula motsitsa mawu. Ali ndi ufa wa m'chitini wochokera ku Joni ndi timapiritsi tobweretsa chilakolako cha chakudya. Akuti pakatha milungu iwiri amayi ako sadzakuzindikira. Pamenepa sanama kwenikweni, chifukwa timapiritsi totere timagonetsa ndi kunenepetsa, ndipo chimene chimatsogola ndi mimba ndi masaya.

Mnyamata akafika kunyumba mutu uli balala, amapeza agogo nawo ali ndi chiphunzitso chawo: zitsulo zimapinimbiritsa, zimaumitsa msana, ndipo ukadzasiya minofu yonse idzasanduka madzi. Azakhali amawonjezera za mbumba, kuti anthu a zitsulo sabereka. Umboni wawo ndi mwana wa uje amene anapita ku Dwangwa osabweranso.

Chodabwitsa n'chakuti anthu amene ali ndi misana yeniyeni m'tauni muno palibe amawafunsa kanthu. Pitani kugombe m'mamawa maboti akamakocheza, muone alovi amene akoka chilimira usiku wonse, kapena bambo wopalasa bwato mwera ukuwomba. Mapewa, msana, ntchafu, zonse zilipo ndipo n'zogwirizana. Mukamufunsa kuti amapanga maseti angati, amakuyang'anani mwachisoni n'kunena kuti, "Achimwene, timakoka mpaka usipa ulowe m'boti." Koma poti alibe vesiti yothina ndipo amanunkha nsomba, uphungu wake suwerengedwa.

Ndondomeko yoyenera munthu woyamba kumene ilipo, vuto lake ndi yaulere komanso yosasangalatsa kuifotokoza pabawo. Masiku atatu pamlungu akwana, tinene Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndipo tsiku lililonse thupi lonse ligwire ntchito. Kunjuta chitsulo chili pamapewa, zimene anyamata amati sikwati. Kunyamula chitsulo kuchokera pansi msana uli wowongoka. Kukankha uli chagada pabenchi, kuti Komando asakhumudwe. Kukankhira pamwamba pa mutu. Kudzikoka panthambi yamango mpaka chibwano chidutse. Chilichonse maseti atatu, ka 8 mpaka ka 12. Ukafika pa 12 osakwinya nkhope, wonjezera kulemera pang'ono, ndipo pang'ono akutanthauza pang'ono, chifukwa madotolo a kuchipatala cha St Anne's ali kale ndi ntchito yokwanira.

Tsiku lodumphalo lili ndi chifukwa chake. Pojimu minofu imangovutitsidwa. Imakula pambuyo pake, thupi likamaikonza munthu atadya ndi kugona mokwanira. Amene amapanga chifuwa tsiku ndi tsiku kenako n'kuchezera kuvidiyo sho akungodzitopetsa.

Nkhani ya chakudya ndiyo imandiseketsa kwambiri, poti ife tikukhala m'mphepete mwa nkhokwe. Wofuna minofu amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wa makilo 60 akusaka magalamu oyandikira 100. Dzira limodzi lili ndi 6. Usipa wouma, umene uli mbwee pamathandala, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni okhaokha. Onjezanipo nyemba, mtedza ndi soya. Kondowole ndi mpunga zimapatsa mphamvu, koma kondowole payekha, ngakhale mutamudya mitanda isanu, akatumba sabwera. Mnyamata amadutsa usipa wonsewo n'kukapinyolitsa foni kuti agule ufa umene sakutha n'kuwerenga komwe zolemba pachitini chake.

Kusintha koti anthu n'kuona kumatenga miyezi iwiri kapena itatu. Kusintha kwa khalidwe ndiye kumatenga masiku anayi. Mnyamata amayamba kuyenda atatang'adza mikono, moti mu minibasi amafuna malo a anthu awiri pamtengo wa mmodzi. Amavala vesiti ya mng'ono wake wa Sitandade 6. Galasi lililonse la galimoto yoima pamsika ndi lake. Moni amapereka ndi chibwano.

Mphamvu zimenezi zili ndi malamulo ake. Sizigwira ntchito pakhomo. Amayi akati, "Mwanawe, tandinyamulira thumba la mpungali kuchigayo," yankho limakhala lakuti, "Amayi, lero n'tsiku lopuma, minofu ikukula." Mwa uphungu wonse uja, mfundo yopuma yokhayi ndiyo anaigwira bwino. Pamaliro, anzake akamalandizana khasu kumanda, iye phewa lamugwira. Sitima ya Ilala ikaima patali ndi gombe katundu n'kumatsika m'timaboti, amayi a zaka 50 amasenza matumba pamutu madzi ali m'mawondo, mnyamata wathu ali pamchenga, wavula malaya, akudzijambula.

Inu makolo amene muli ndi mwana wotere, musamulande zitini. Kuli bwino azibuula kuseri kwa nyumba kusiyana ndi kukabuula kumowa. Ingomuthirirani usipa wochuluka m'mbale, ndipo mumuuze kuti kochi wina wodziwa wanena kuti thumba la mpunga la makilo 50 ndi labwino kwambiri pa miyendo. Chigayo amatsegula m'mawa.