Chilumba cha Bali chikusowa mlendo ngati ine

Chilumba cha Bali, ku Indonesia, chili ndi anthu pafupifupi 4.3 miliyoni, koma mu 2019 chinalandira alendo akunja oposa 6 miliyoni. Alendo akachuluka kuposa eni khomo ndiye kuti pali ukwati kapena maliro, ndipo palibe banja limene lingapirire zimenezi chaka chathunthu. Eni chilumbawo atopa. Mu 2023 bwanamkubwa wawo, Wayan Koster, anachita kutulutsa ndandanda wa zoyenera ndi zosayenera ataona alendo akuvula pamalo opatulika ndi kuthamangitsa njinga zamoto ali chifuwa pamtunda, ndipo kuyambira February 2024 mlendo aliyense wakunja amayenera kulipira marupiya 150,000. Ine ndikuti akuluakuluwa akungodzivuta ndi malamulo. Mankhwala ake n'kusintha mtundu wa alendo, ndipo mtundu woyenera ndi wanga uno: bambo wa kamimba, wosadziwa kusambira, amene m'thumba mwake mumakhala mutauma pofika pa 10 mwezi uliwonse.

Tiyambe ndi mafunde, poti ndiwo anatchukitsa chilumbachi pamene anyamata a ku Australia anayamba kukhamukirako ndi matabwa awo m'zaka za m'ma 1970. Ku Uluwatu munthu amatsika phompho, n'kudutsa m'phanga, n'kugona chafufumimba pathabwa, n'kumapalasa ndi manja kulondola funde lotalika kuposa iye mwini, pansi pake pali miyala yakuthwa imene imasenda khungu. Ku Kuta madzi amakokera munthu kwakuya, ndipo opulumutsa anthu amakhalira kuimba mawezulo. Zonsezi ndi ntchito, ndi mabandeji, ndi ndalama. Ine thabwa ndimalilemekeza likakhala chitseko kapena benchi. Madzi akangopitirira m'mawondo miyendo yanga imabwerera yokha osandifunsa. Ndiye ndiuzeni, pakati pa mnyamata wa ku Sydney ndi ine, ndani amene wopulumutsa anthu angakonde kumuona pagombe lake?

Pamwamba pa phompho la ku Uluwatu lija pali kachisi wa Chihindu amene ali ndi apusi akuba mwaukadaulo. Amatsomphola magalasi, zipewa ndi mafoni, kenako n'kukhala poteropo kudikira kuti muwombole katundu wanu ndi chakudya. Akatswiri a ku yunivesite ya Lethbridge ku Canada anapeza kuti apusi akuluakulu amasankha katundu wodula, ndipo pa iye amalamula dipo lokwera. Ndiye kuti mbava zimenezi zinaphunzitsidwa ndi alendo olemera. Foni yanga ndi ya mabatani, batire lake limagwidwa ndi labala. Pusi wodzilemekeza angaitembenuze kawiri n'kundibwezera mwaulemu. Alendo onse atakhala ngati ine, umbava umenewu utha pasanathe mwezi. Nanga timadengu ta masamba a mgwalangwa, tokhala ndi maluwa ndi lubani, timene eni ake amaika pansi m'mawa uliwonse monga nsembe, otchedwa canang sari? Alendo amatiponda chifukwa amayenda maso ali pafoni. Ine ndimayenda maso ali pansi, mwina wina wagwetsa kandalama.

Koma umboni wanga waukulu ndi Nyepi, tsiku la chaka chatsopano cha kumeneko, limene nthawi zambiri limagwa mu March. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko m'mawa mwake, palibe kuyatsa moto kapena magetsi, palibe kugwira ntchito, palibe kuyenda, palibe zisangalalo. Ngakhale bwalo la ndege la Ngurah Rai limatsekedwa, ndipo alonda a m'mudzi otchedwa pecalang amayendera misewu kuona ngati wina watulutsa mphuno kunja. Alendo ambiri amadandaula kuti tsiku lawo lapita pachabe, ena amathawira kuzilumba zoyandikana. Abale anga, pamenepa pokha ndiloleni ndidzitame. Kukhala mumdima maola 24 ndinachita maphunziro ake aulere kwathu konkuno, ndipo ndinakhoza bwino. Kusagwira ntchito ndi mphatso yobadwa nayo, akuchikazi angachitire umboni. Zosayenda n'zosavuta kwa munthu wopanda ya minibasi. Chimene mzungu amachiona ngati chilango, kwa ine ndi Lachiwiri wamba.

Pa zakudya sindichedwapo, chifukwa mpikisano palibe. Mpunga wa nasi campur ndi ndiwo zake zosiyanasiyana, nkhumba yootcha yathunthu ya babi guling, tsabola wa sambal: m'mbale simudzatsala kanthu koti akataye. Khofi wodula uja wa luwak, amene njere zake amazitola m'ndowe za kanyama kachibale ndi fungwe, sindidzamugula, motero tinyama timene amatitsekera m'zikwere chifukwa cha khofiyo tidzandithokoza.

Wina anena kuti mlendo wopanda ndalama ndi katundu chabe, popeza Bali imadya za alendo. N'zoona, ndipo sinditsutsa: alendo atasiya kubwera mu 2020 chifukwa cha Covid-19, chuma cha chilumbachi chinatsika ndi 9 peresenti. Koma tafunsani kumene ndalama ya wolemera imagona. Iye amalowa m'hotela yaikulu imene mwini wake mwina ali ku Jakarta kapena kutsidya kwa nyanja, n'kumasamba m'dziwe lakelake pamene alimi a mpunga, amene akhala akugawana madzi mwa dongosolo la subak kwa zaka pafupifupi 1,000, akuona zitsime zikuphwa. Yanga ndi yochepa, inde, koma yonse idzathera m'manja mwa mayi wa warung, kalesitilanti ka m'mbali mwa msewu, ndipo kusamba kwanga ndi kwa ndowa imodzi. Komanso musandinyoze msanga: madola 70 okha amapitirira marupiya 1 miliyoni, choncho kwa masiku awiri kapena atatu ndidzakhala miliyoneya, ndipo ndidzafuna kuti muzindipatsa ulemu wake.

Enanso ati, bwanji osangopita ku Likoma, kumene mchenga ulipo, tchalitchi chachikulu cha St Peter's chilipo, ndipo Ilala ikakutula popanda pasipoti? Funso labwino, koma laphonya nkhani. Likoma sikudwala matenda a alendo ochuluka, ndipo dokotala sapita kwa munthu wabwinobwino. Chotsala ndi tikiti basi. Alendo 6 miliyoni atalipira onse marupiya 150,000 aja, zikukwana mabiliyoni 900, ndipo boma la Bali linati ndalamazo n'zotetezera chikhalidwe ndi chilengedwe. Ndaonetsa kale kuti kubwera kwanga n'kuteteza zonse ziwiri. Tikiti imodzi yochokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa singaoneke n'komwe m'mabuku awo, bola awonjezerepo ya pasipoti ndi kangachepe kosiyira mayi akunyumba.