Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo amaukweza pa sikelo

Akuluakulu amene adati pang'onopang'ono ndi mtolo adali anthu okoma mtima. Ankanena za mayi wotola nkhuni: kanthambi apa, kachipika apo, dzuwa likapendeka wamanga ndi luzi, wasenza, ulendo wa kumudzi. Palibe ankamuimika pa mphambano kuti atule mtolowo, aumasule, nkhuni iliyonse iyesedwe kuuma kwake n'kulembedwa m'kaundula. Koma ku yunivesite zimatero. Mwambiwu adaulandira ndi manja awiri, kenaka adauthira masamu.

Mbali imene mwambiwu suphonya ndi ya makirediti. Musasokoneze ndi makirediti a MSCE aja, omwe mwana amafunika kukhala nawo 6, kuphatikizapo Chingerezi, kuti asuzumireko ku yunivesite. A ku yunivesitewa ndi muyeso wa kunenepa kwa nkhuni. Ku America, kwawo kwa kachitidwe aka, phunziro limene mumakumana ndi aphunzitsi maola 3 pa sabata semesita yonse limakhala la makirediti 3. Mukamatola 15 pa semesita, pakutha pa zaka 4 mwaunjika 120, digiri ndi yanu. Mayiko ambiri a ku Ulaya amawerenga 60 pa chaka. Ku Britain ndi ku South Africa chaka chimodzi ndi 120, ndipo kirediti iliyonse imaimira maola 10 a ntchito, kuphatikizapo maola amene yunivesite imakhulupirira kuti mumawerenga panokha kuchipinda. Anthu ophunzira ali ndi chikhulupiriro chachikulu.

Luzi lomangira mtolowu sadalipote poganizira mwana wa sukulu ayi. M'chaka cha 1905, Andrew Carnegie, mpondamatiki wa zitsulo, adapereka madola 10 miliyoni kuti aphunzitsi a m'makoleji azipuma ndi penshoni. Ndalama zikamveka, sukulu iliyonse imasanduka koleji, motero bungwe lake lidayenera kupeza njira yosiyanitsira koleji yeniyeni ndi sukulu yongovala jekete. Mu 1906 adakhazikitsa muyeso wotchedwa Carnegie Unit, womwe ndi maola 120 a phunziro limodzi ku sekondale, ndipo koleji yofuna kulawa penshoniyo inkayenera kulandira ana amene akwanitsa mayuniti 14. Kuyeza maphunziro ndi wotchi kudazika mizu kuyambira pamenepo. Choncho mukaona wophunzira akuthamangira kalasi ya m'mamawa tsitsi lisadapesedwe, dziwani kuti gwero la liwirolo ndi aphunzitsi okalamba a ku America amene ankafuna kukapuma bwino.

Mpaka apa agogo akadavomereza. Vuto likuyamba ndi GPA, sikelo yoyeza kuuma. A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi mphepo. Koma sikuti amangophatikiza n'kugawa. Giredi iliyonse amaichulukitsa ndi makirediti a phunziro lake, ndiye chipika chachiwisi chimalemera kuposa kanthambi kouma bwino.

Tinene kuti mnyamata wapeza A pa kaphunziro ka kirediti imodzi, ndi D pa masamu a makirediti 4. M'mutu mwake aphatikiza 4 ndi 1, agawa pakati, apeza 2.5, n'kupita kukadzithokoza ndi tchipisi pa chiwaya. Ku ofesi ya kaundula akuwerenga mwina. A uja, 4 kuchulukitsa ndi 1, wabala 4. D uja, 1 kuchulukitsa ndi 4, wabalanso 4. Pamodzi 8, kugawa ndi makirediti 5, yankho 1.6. M'mayunivesite ambiri a ku America, kutsika pa 2.0 ndi kulandira kalata ya chenjezo, ndipo ukapitiriza amakulozera chipata, chimene ana a m'makoleji a kuno amati kuwididwa.

Chitonthozo chake n'chakuti kumudzi nambalayi imamveka bwino. Ife tidakula ndi MSCE, kumene 1 ndi mfumu, 9 ndi maliro, ndipo wopeza mapointi 6 amatchuka boma lonse.

"Agogo, zotsatira zatuluka. Ndapeza 1.6."

"Wani chani? Iwe mdzukulu wanga, mutu umenewo ndi wa malemu agogo ako aamuna! Amalume ako adapeza 24 koma tidapha mbuzi."

Mwana wanzeru amadula foni pomwepo, n'kunamizira netiweki.

Nkhanza yeniyeni ya sikeloyi ndi yakuti siiwala. Pali GPA ya semesita, ndiye pali ina younjika zonse kuyambira tsiku limene mudalowa pa geti ndi sutikesi. Tengani wophunzira amene zaka 3 zoyamba wakhala akukwawa ndi ma C, makirediti 90 pa 2.0. Chaka chomaliza watembenuka mtima: wasiya mowa, wasiya zibwenzi, alonda a ku laibulale akumudziwa dzina. Wakhoza A pa phunziro lililonse, makirediti 30. Mapointi akale 180, atsopano 120, pamodzi 300, kugawa ndi 120. Wafika pa 2.5. Thukuta lonse lija lamukweza theka la sitepe. Mnzake amene adayamba bwino, 3.8 pa makirediti 90 omwewo, akhoza kugona chaka chomaliza, kumangotola ma C, n'kutuluka ndi 3.35, akuyasamula. Kutchalitchi wolapa pa ola lomaliza amalandiridwa ndi nyimbo. Ofesi ya kaundula ilibe chiphunzitso chimenecho.

Apa ndipo ine ndimakangana ndi sikeloyi. Kuti imakondera munthu wakhama la tsiku ndi tsiku, ndilibe nazo mawu. N'zimene mwambi umafuna. Koma chaka choyamba si onse amagwa chifukwa cha maphwando. Wina wachokera ku CDSS kumene labotale ankangoimva m'buku, ndipo maikulosikopu akuigwira koyamba mnzake wa ku sukulu yogonera pomwepo atatopa nayo kale. Wina ngongole ya sukulu yachedwa, akulemba mayeso m'mimba muli madzi okha. Pa pepala, D wa njala ndi D wa mowa amafanana ngati mapasa, ndipo onse awiri amakutsata mpaka tsiku lovala gauni, mwinanso mpaka pofunsira sikolashipu ya digiri yachiwiri.

Ophunzira nawo si ana. Adaiphunzira sikeloyi kuposa maphunziro eniakewo. Mayunivesite ambiri a ku America amalola kusiya phunziro tsiku loikika lisadakwane, pa pepala n'kungolembedwa W wosakhudza GPA, ndiye pamakhala akatswiri onunkhiza F akadali kutali n'kutula nkhuniyo msanga. Kumene amalola kusankha maphunziro, mbiri ya mphunzitsi wopatsa imayenda msanga kuposa ya maliro. Kalasi yake imadzaza ndi anthu amene mwadzidzidzi akonda mbiri ya zoumbaumba, pomwe phunziro lovuta, limene likadawanola mutu, latsala ndi mipando.

Aphunzitsi ndi anthunso, ndipo safuna misozi pa khomo la ofesi. Mu 2013 mkulu wina wa pa Harvard adauza aphunzitsi anzake kuti giredi imene inkaperekedwa kawirikawiri kwa ophunzira a digiri yoyamba pa sukulupo idali A. Zikafika apo sikelo yasanduka chokongoletsa m'nyumba: mitolo yonse ndi youma, ngakhale yotola mvula ikugwa. A ku Princeton adayesa kuchita zamwambo. Mu 2004 adagwirizana kuti ma A asamapitirire 35 pa 100 aliwonse. Ophunzira adadandaula kuti pokafuna ntchito akupikisana ndi anzawo a m'sukulu zina amene ma A amangowatola ngati mango a mu Disembala, ndipo bwana wolemba ntchito alibe nthawi yofunsa kuti B wa ku Princeton adavuta bwanji. Lamulolo adaliika m'manda mu 2014, ndipo maliro ake sadafune tenti.