Mapanga Awiri M'laputopu Imodzi

Agogo anga ankakonda kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kuno ku Mulanje mwambi umenewu sufuna womasulira. Mvula timaidziwa. Imatha kutsika kuchokera ku Chambe dzuwa likuswa mtengo, ndipo chiperoni chikabwera chimakhala masiku atatu osatsanzika. Mapanga nawonso tili nawo m'phirimu. Munthu akaona mtambo n'kuthamangira phanga ili, kenako n'kuganiza kuti lija n'labwinoko, mvula imamupeza pakati. Chimene agogo sanandiuze n'chakuti munthu atha kuvumbwa ali m'nyumba yamalata, atakhala pampando, malaya ali gwaa.

Laputopu yanga ndi yakalekale, inachokera ku Joni m'chikwama cha achimwene. Inabwera ndi Windows 10, ndipo tinkakhala bwinobwino mpaka tsiku limene mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira ku Blantyre, anabwera ku holide. Anaiyatsa n'kupukusa mutu ngati sing'anga amene waona mutu wa nkhani.

"Amalume, a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 singalowe muno, makinawa ndi okalamba. Ndikuikireni Ubuntu."

Anandifotokozera kuti Ubuntu ndi mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland mu 1991, ndipo Ubuntu weniweniyo anamuyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu, kungoti walankhulidwa Chizulu. Komanso ndi waulere. Mawu akuti ulere ndiwo anandigwira mtima. Koma kutaya Windows ndinakana, chifukwa makalata a kumpingo ndi maakaunti a banki mkhonde ya amayi a kunyumba onse anali mmenemo.

"Palibe vuto, amalume. Zonse zikhala momwemo. Mukamayatsa muzisankha."

Apa m'pamene agogo akanatsokomola.

Mnyamatayo anadula hadi disiki ngati munda wamasiye, uku kwa Windows, uku kwa Ubuntu. Pachipata anaikapo mlonda wotchedwa GRUB, amene ntchito yake ndi kufunsa aliyense wobwera kuti akupita nyumba iti. Amakupatsa masekondi 10. Ukachedwa amakusankhira yekha, ndipo amasankha Ubuntu, poti ndi m'bale wake.

Amene anakulira pamudzi wa mitala akudziwa kuti mwamuna wa nyumba ziwiri amagona ndi njala, chifukwa uku akuganiza kuti wadya uko, ndipo uko akuganiza kuti wadya kuno. Akudziwanso kuti nkhondo ya mitala siyamba ndi zazikulu. Yathu inayambira pa wotchi.

M'kati mwa kompyuta muli kawotchi kamene kamayendabe ngakhale makina atazimitsidwa. Windows amakawerenga ngati nthawi ya kuno kwathu. Linux amakawerenga ngati nthawi ya ku Greenwich, n'kuwonjezerapo yekha maola awiri a Malawi. Ndiye Ubuntu akalowa pa intaneti amakabweza m'mbuyo maola awiri kuti kagwirizane ndi mawerengedwe ake, ndipo Windows akabwera amangokhulupirira zimene wapeza. Tsiku lina foni ili kotchajitsa, ndinadalira laputopu. Inati 7 koloko. Ndinamwa tiyi mosapupuluma, n'kupalasa njinga kupita kumsonkhano wa komiti ya sukulu, ndipo ndinapeza anthu akupemphera pemphero lotsekera. Apampando anangondifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Koma kuvumbwa kwenikweni ndinadzichititsa ndekha, ndipo sindinamizira munthu. Kunali chinkhoswe ku Limbuli, wojambula anatipatsa mavidiyo aakuluakulu, ndipo mbali ya Windows inali itadzaza. Ndinatsegula malo amene Windows amaonetsa zigawo za disiki. Ndinaona chigawo C, chimene ndimachidziwa. Pambali pake panali chigawo china chachikulu, chopanda dzina, chopanda chilembo, chongokhala.

Munthu wa ku Mulanje musamamuonetse malo ongokhala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 tiyi wakhala akutambalala m'tsinde mwa phirili, ife tikupanikizana m'timinda tonga mipango, chimanga, nandolo ndi chinangwa zonse paphando limodzi. Tikaona tsala, manja amayabwa. Sindinadziwe kuti Windows satha kuwerenga mmene Linux amasungira zinthu zake, ndiye nyumba ya mnzake amangoionetsa ngati thengo. Ndinadina kuti chichotsedwe. Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza ndi mtima wonse. Ndisanakoperemo kalikonse magetsi anathima, batire ya laputopuyo inafa kalekale, ndipo ndinakagona ndikudzitama.

M'mawa kuyatsa, sikirini yonse bii. Pakona pali timawu toyera: error: no such partition. Pansi pake: grub rescue> ndi kamzere kakuphethira.

Ndinalemba "Windows". Inakana. Ndinalemba "Ubuntu". Inakana. Ndinalemba "help", poti mawu akuti rescue ndimawadziwa kuti ndi opulumutsa, koma wopulumutsayo anayankha kuti mawu amenewonso sawadziwa. Ndinazimitsa n'kuyatsanso kasanu, monga timachitira ndi wailesi. Amayi a kunyumba anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Bambo, mawa n'tsiku logawana ndalama ku banki. Mayina a ongongola onse ali mmenemo."

"Ali momwemo ndithu, mayi. Kungoti chitseko chavuta."

"Ndikawauze azimayi makumi awiri kuti chitseko chavuta?"

Ndinaikulunga m'jumbo, chifukwa kunja kunali kukuwaza, n'kukwera kabaza kupita pa Chitakale, kumene kuli mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Kashopu kake n'kodzaza mabatire otupa ndi mafoni ong'aluka amene eni ake sanabwerenso. Atayatsa anaseka kaye, kenako n'kukumbukira ulemu.

"Bambo, Windows wanu ali bwinobwino, sanakhudzidwe. Mwagwetsa nyumba imene mlonda amasungamo makiyi."

Anandilongosolera uku akusakasaka fulashi m'kabotolo ka zomangira. Pa makina akale ngati anga, kumayambiriro kwenikweni kwa disiki kuli kamalo ka mabaiti 512 okha, kotchedwa MBR. Kachitidwe kameneka n'ka mu 1983. M'kamaloka muli kaundula wa malire, wokhala ndi mizere inayi basi ya zigawo zikuluzikulu, komanso malangizo oyamba oyatsira makina. GRUB yense sangakwanemo. Pamakhala mutu wake wokha, thupi lili m'chigawo cha Linux. Ine ndinachotsa thupilo. Mutu unadzuka m'mawa, n'kufunafuna miyendo, osaipeza, ndipo sunathenso kuloza njira ya kwa aliyense. Phanga limodzi ndinaligumula ndekha, linalo linalipo lili louma, ine ndili panja.

Makina atsopano, anatero, amagwiritsa ntchito UEFI ndi kaundula wa GPT, amene Windows amalola zigawo mpaka 128, ndipo alonda onse amakhala m'kachigawo kawo kakang'ono, aliyense ndi chipinda chake. Ndinafunsa ngati kumeneko kulibe mikangano. Anati atambala awiri salira m'khola limodzi ngakhale kholalo likhale lamalata. Mu August 2024 Microsoft inatulutsa zokonza zachitetezo zoletsa alonda akale okhala ndi zibowo, ndipo ngakhale sizinayenere kukhudza makina a nyumba ziwiri, anthu ena m'mayiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza Linux wawo akukana kuyaka. Zinanditonthoza pang'ono kumva kuti ngakhale kumene kulibe chiperoni anthu amavumbwa.

Kenako anandiyang'ana m'maso. "Mutachotsa, munalembamo chilichonse?"

"Ayi, magetsi anathima."

"Ndiye mukathokoze mdimawo."

Kuchotsa chigawo, anati, kuli ngati kuzula zikhomo za m'malire n'kufufuta dzina m'buku la amfumu. Mbewu zimakhala zikadali m'munda mpaka wina atabwera kudzagalauza. Mavidiyo a chinkhoswe aja akanalowa, bwenzi atagalauza. Anayatsa makinawo kudzera pa fulashi, podina F12, n'kutsegula kapulogalamu kotchedwa TestDisk, kamene kamayenda m'disiki monse kufufuza pamene panali malire akale. Tinadikira. Iye anagulitsa mayunitsi kawiri, n'kumata galasi la foni ya mayi wina wogulitsa zinanazi. Patapita nthawi mzere wobiriwira unaonekera. Anaubwezera m'kaundula, n'kumuikanso GRUB pamalo pake kuti asadzanamizire kusokonezeka. Anakonzanso za wotchi zija ndi mzere umodzi wokha, kumuuza Ubuntu kuti aziwerenga nthawi ya kuno ngati mnzakeyo. Ntchito imene inandichititsa manyazi pamaso pa komiti yonse inatha ndisanamalize kukanda kumutu.

Polipira anandifunsa kuti mwa awiriwa ndimagwiritsa ntchito uti kwenikweni. Ndinayamba kufotokoza za umunthu, za ulere, za chitetezo. Anandidula.

"Ubuntu munamutsegula liti komaliza mwadala, osati chifukwa chochedwa kudina?"

Ndinayang'ana kuphiri. Sapitwa sankaoneka, mitambo inali itaphimba. Anandiuza kuti ndigule fulashi ndisungemo maakaunti a banki mkhonde, kenako ndisankhe nyumba imodzi, inayo ndiitsanzike mwaulemu, iye alipo adzandithandiza.

Fulashi ndinagula, ndipo amayi a kunyumba anaimanga pa kansalu n'kuisunga kumene amasunga ziphaso za kuchipatala, kumene ine sindiloledwa kufikako. Azimayi anagawana ndalama zawo mwamtendere. Za kusankha zija ndikuziganizirabe. M'mawa uliwonse mlonda amatulutsa mayina awiri aja n'kuyamba kuwerenga chobwerera, 10, 9, 8, chala changa chili m'mwamba pakati pa mabatani. Dzulo tiyi anandipsereza lilime pa 3, ndipo pamene ndimaika kapu pansi n'kuti nditalowa kale kwa Ubuntu, kalata ya kumpingo ili kwa Windows.