Mwana wa Ng'ona pa Wikipedia

Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma akalewo sanaione Wikipedia. Kumeneko munthu akangotchuka, pansi pa mbiri yake amamukumbira timaiwe: mtundu wake uwu, mpingo wake uwu, mpaka za kuchipinda zomwe. Tsono tayesani ndi mwana wa pa Katete, bambo Mngoni wa kwa Mpezeni, mayi Mchewa wa kwa Kawaza. Angoni amatsata kuchimuna, Achewa kuchikazi, ndiye uku akuti ndi wathu, ukonso akuti ndi wathu. Febuluwale ali ku Mtenguleni pa Nc'wala, Ogasiti ali ku Mkaika pa Kulamba, ndipo konseko amadya mokhuta. Mukatembenuza, bambo Mchewa mayi Mngoni, mwana uja wasowa dziwe ndi limodzi lomwe. Za mpingo ndiye musanene. Chipatala cha St Francis chomwechi Aangilikani ndi Akatolika amayendetsera limodzi, nanji munthu amene Lamulungu m'mawa akutsogolera kwaya, mapazi ali mbuu ndi fumbi la kudambwe?

Ena ati timaiweti timathandiza, pakuti mwana wa sukulu wofuna alembi a Chichewa amawapeza malo amodzi, ndipo mtundu wosalembedwa umaiwalika. Apo sakunama. Reji yathu nayo imatchula mudzi ndi mfumu, ndipo timayenda nayo m'thumba osadandaula. Koma dzina lopatsidwa ndi ena limaluma. Kenneth Kaunda analamulira Zambia zaka 27, kenaka malamulo a 1996 anamutsekera kunja kwa chisankho poti makolo ake anachokera ku Nyasaland, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola linati si nzika. Ng'ona yaikulu chonchija kuuzidwa kuti dziwe si lake! Za kuchipinda ndiye zoopsa koposa: mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15 chifukwa chogonana. Munthu wosakudziwa, ali pa foni ku London, akakumata dzina lotere, wokagona m'chitokosi ndiwe, iye akumwa tiyi.

Wikipedia ya Chingerezi ili nalo kale lamulo lakuti munthu wamoyo asaikidwe m'gulu la chipembedzo kapena la za kuchipinda pokhapokha atanena yekha poyera, ndiponso zikhale zokhudza chimene anatchukira. Lamulo lomwelo lifike ndi pa mtundu. Inu akonzi, musanaiponye ng'ona m'dziwe yambani mwaifunsa. Pakamwa ili napo, pakulu ndithu.